Kaboti ka kebini pa nyanja ya Malawi: injini, kayendetsedwe ndi zowedzera

Anthu angapo akhala akundifunsa za kaboti kanga kaja ka faiba kokhala ndi kanyumba kutsogolo, ena akufuna kugula kotero, ena anagula kale koma kangokhala pa thirela kuseli kwa nyumba chifukwa sakudziwa poyambira. Nde ndati ndilembe pamodzi momwe ine ndimachitira kuyambira posankha injini mpaka pokola nyambo. Kanga ndi ka mamita 5 ndi theka, kamakhala ku Senga Bay, ndipo zambiri zomwe ndinene apa ndi za nyanja ya chakum'mwera kuno, Salima mpaka Monkey Bay ndi Cape Maclear.

Yambani ndi kulionetsetsa botilo musanaganize n'komwe za injini. Maboti ambiri a kebini omwe amabwera kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Joni, ndipo kunja amaoneka bwino chifukwa faiba siichita dzimbiri, koma mkati mwa thabwa la kumbuyo lija pomwe injini imamangidwa mumakhala pulayiwudi, ndipo madzi akalowa pa mabowo a mabawuti imawola mwakachetechete. Tengani chogwirira cha sikuludilaiva mugogode thabwa lonselo, pomwe pali bwino pamalira ngo ngo molimba, pomwe pawola pamalira ngati mukugogoda dzungu. Ngati pali injini kale itukuleni m'mwamba, mugwire mwendo wake kumunsi muyigwedeze ndi mphamvu, thabwa likamapindika kapena mukaona ming'alu m'makona musagule, olo mtengo ukhale wokoma bwanji, pokhapokha ngati mwakonzeka kulipira mmisiri kuti apange latsopano. Yendaninso m'kati mwa boti pansi ponseponse osavala nsapato mumve ngati pali pofewa. Kenako funsani ngati pansi pake pali fomu kapena mabotolo oti boti lisamire likadzaza madzi, chifukwa nyanja yathu ndi yakuya kwambiri, kumpoto imafika mamita 700, boti likapita pansi lapita basi.

Pafupi ndi chiwongolero kapena kumbuyo pamakhala kachitsulo kolembedwa ndi omwe anapanga botilo, kamanena ma hosi (mphamvu ya injini) omwe simuyenera kupyola ndi chiwerengero cha anthu. Kawerengeni ndipo mukakhulupirire. Kakasowa, kaboti ka mamita 5 mpaka 6 ka kebini kamafuna pakati pa 40 ndi 70 hosi kuti kanyamuke n'kumayenda pamwamba pa madzi, kutengera kulemera kwake ndi anthu omwe mumanyamula. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa mbali ziwiri zonse. Wina amaika 15 hosi ija ya asodzi chifukwa ndi yotchipa, boti limayenda inde koma mutu uli m'mwamba matako ali pansi, likukankha madzi ngati ng'ombe yolima, mafuta akutha ndipo tsiku la mphepo kebini ija imagwira mphepo ngati thanga, injini yaing'ono imalephera kubweza mutu wa boti komwe mukufuna. Wina amaika chinjini cha 115 kuti azidzionetsera, kumbuyo kumalemera, funde lochokera kumbuyo likabwera limangodutsa pamwamba pa thabwa n'kulowa. Dziwaninso kuti nyanjayi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, mpweya ndi wopepukirako, nde injini imataya mphamvu pang'ono, mwina 4 kapena 5 pa 100 iliyonse. Boti lomwe ku Durban limangonyamuka movutikira ndi 40 hosi, kuno mwina silinyamuka n'komwe mukakwera anthu anayi.

Tu sitiroko kapena fo sitiroko? Ine maganizo anga ndi awa, ngati boti lanu lizikhala kumudzi kunyanja kutali ndi tauni, tengani tu sitiroko ya kabureta monga Yamaha Enduro, chifukwa gombe lililonse la asodzi kuyambira Makanjira mpaka Karonga muli makaniko yemwe anaimasulapo kambirimbiri, ma pulagi ndi ma impela (kalabala kopopa madzi oziziritsa injini) amapezeka, ndipo imalira ndi chingwe olo batire litafa. Imamwa mafuta kwambiri, imafuka utsi, imasokosa, zonsezo ndi zoona. Fo sitiroko ya Suzuki, Yamaha, Tohatsu kapena Mercury imamwa pang'ono makamaka mukamayenda pang'onopang'ono pokoka nyambo, ili phee moti mumacheza bwinobwino, koma ndi yolemera, ndi yodula, ndipo ya injekishoni ikadwala imafuna munthu wa kompyuta ndi sipeya zochita kuitanitsa kunja. Ngati mumakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo boti mumalikoka pa thirela, fo sitiroko ikuyenerani. Chomwe sindingakulangizeni ndi kugula mtundu wa injini womwe makaniko wakwanuko sanauonepo.

Mukasankha mtundu yezani mwendo. Tengani tepi muyeze kuchokera pamwamba pa thabwa la kumbuyo mpaka pansi penipeni pa boti. Mukapeza mainchi 15 mukufunika mwendo waufupi, mainchi 20 mwendo wautali, ndipo maboti a kebini ambiri ndi a 20, ena akuluakulu 25. Mukamanga injini, kachitsulo kafulati kali pamwamba pa pulopela kaja kazikhala kofanana ndi pansi pa boti. Mwendo ukafupika pulopela imatuluka m'madzi pa funde lililonse, injini imangolira mokuwa boti osayenda komanso pampu ya madzi imakoka mpweya injini n'kutentha. Ukatalika imakoka madzi pachabe ndipo mudzagunda miyala msanga. Mangani ndi mabawuti odutsa thabwa, osangodalira zomangira zamanja zija, ndipo mabowo muwamate bwino ndi silanti kuti madzi asalowe.

Pulopela nayo ili ndi nkhani yake koma ndi yosavuta. Buku la injini limanena ma revu (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) omwe iyenera kufika mukaitsegula yonse, pa 40 hosi ya Enduro ndi pakati pa 4500 ndi 5500. Kwezani anthu ndi katundu yemwe mumanyamula masiku onse, tsegulani yonse pa madzi a bata, onani pa geji. Ikalephera kufika, pulopela yakula pitchi (kupendekera kwa mapiko ake, komwe kumayezedwa mu mainchi), tsitsani, inchi imodzi imasintha ma revu pafupifupi 150 mpaka 200. Ikapyola kwezani. Boti lolemera la kebini limakonda pitchi yochepa, liwiro limatsikako pang'ono koma limanyamuka msanga ndipo injini siivutika. Khalani ndi pulopela ina yapadera mu kebini pamodzi ndi nati, pini ndi sipanala yake.

Ndipo chonde ikani kainjini kachiwiri. Ka 5 kapena 8 hosi ka mwendo wautali pa bulaketi yake pambali, kali ndi thanki yakeyake. Ichi ndimachinena kwa aliyense chifukwa chinandichitikira, tsiku lina mu Julaye ndili kuseli kwa chilumba cha Maleri injini yaikulu inangozima, mafuta omwe ndinagula m'zigubu kwa munthu wina panjira anali ndi madzi, mwera unali utayamba kale kudzuka ndipo boti la kebini simungalipalase ndi nkhafi, ndi lalitali m'mbali komanso mphepo imalikankha kuposa momwe manja anu angakokere. Tinatengedwa ndi mphepo maola atatu ndili ndi mlamu wanga ndi mwana wake wa zaka 11, anatipeza ndi asodzi a chilimira omwe amabwerera kumtunda n'kutikoka. Kuyambira pamenepo sindituluka opanda kainjini kachiwiri ndipo ndimakaliza kaye pagombe ndisananyamuke, chifukwa kainjini komwe kakhala miyezi itatu osalira nako kamakana pomwe mukukafuna.

Za mafuta zimvetseni bwino. Petulo wa pa filing'i siteshoni kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi, akakhalitsa mu thanki madzi amadikha pansi pomwe paipi imakokera, amadyanso mapaipi akale a labala. Nde musasunge petulo mu boti kwa miyezi, ikani fyuluta yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini, ija yokhala ndi kambale koonekera pansi kuti muziona madzi n'kumawakhetsa, ndipo mafuta a m'zigubu muziwasefa. Pa tu sitiroko yosakaniza pamanja muyezo wodziwika ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita iliyonse, thanki ya malita 25 ndi theka la lita ya oyilo. Injini yatsopano maola oyamba imafuna 25 kwa 1, onani buku lake. Oyilo akhale wa injini za pamadzi wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto kapena wa njinga yamoto. Powerengera ulendo gawani mafuta patatu, gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Tu sitiroko ya 40 hosi mukaitsegula yonse imatha kumwa malita pafupifupi 20 pa ola, mukabweza pang'ono kufika pomwe boti likungoyenda pamwamba mosavutika imatsika kwambiri, ndipo pobwerera molimbana ndi mafunde mumamwa ochuluka kuposa popita. Thanki isakhale mu kebini muja, mpweya wa petulo ndi wolemera umadikha pansi, munthu akayatsa fodya kapena waya ukathetheka ndi ngozi. Mbaula kapena sitovu mu kebini ayi.

Zamapepala ndingodutsapo mwachangu. Boti la injini limayenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa ndi a Marine Department, ali ndi ofesi ku Monkey Bay komwenso kuli sukulu ya za pamadzi, ndipo za chiphaso chowedzera pitani ku ofesi ya fisharizi ya boma lanu. Pitaninso mukaonekere kwa a komiti ya pagombe ndi amfumu a pomwe muzitsitsira boti, tsiku la mavuto ndi anthu amenewo omwe adzatuluke kukakufunani.

Tsopano tsiku la ulendo. Musanatsitse boti m'madzi tsekani kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kaja, muone ndi maso anu osati kufunsa mnzanu kuti watseka? Laifi jaketi aliyense yake ndipo ana avale asanakwere. Nangula, chingwe, chigubu chodula chokapira madzi olo muli ndi pampu ya magetsi, tochi, wezulo, chozimitsira moto, madzi akumwa, foni mu pepala la pulasitiki lomanga bwino, ma pulagi apadera ndi sipanala yake. Uzani munthu wa kumtunda komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Finyani kapampu ka mafuta mpaka kalimbe, tsegulani kampweya ka pa chivindikiro cha thanki, giya pa nyutirolo, lizani, kenako yang'anani kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini ngati mkodzo kaja. Kakapanda kutuluka zimitsani pompo, mwina kabowo katsekeka ndi mchenga kapena mavu amangamo, tokosani ndi twaini, kakakanabe nde kuti impela yatha. Kachingwe kofiira kozimitsira injini mukamange pa mkono kapena pa mwendo nthawi zonse, mukagwera m'madzi boti lopanda munthu limazungulira n'kubwerera pomwe muli pulopela ikuzungulira.

Kuyendetsa kwenikweni, chinthu choyamba kuchizolowera ndi chakuti boti lilibe buleki ndipo limakhota ndi matako osati ndi mutu ngati galimoto. Mukakhotera kumanja kumbuyo kumataya kumanzere, nde mukakhala pafupi ndi doko kapena boti la mnzanu muziyang'ana kumbuyo. Pitani pa madzi opanda anthu, ponyani chigubu, muzichiyandikira kuchokera mbali zonse mpaka muzitha kuima pambali pake osachigunda, tsiku lina chigubu chimenecho adzakhala munthu. Ponyamuka tsitsani injini yonse mkati, kankhani mafuta molimba mtima mpaka mutu utsike boti likwere pamwamba pa madzi, kenako bwezani mafuta pang'ono ndi kukweza tirimu, kutanthauza kutukula mwendo wa injini, pang'onopang'ono mpaka chiwongolero chipepuke. Mutu ukayamba kudumphadumpha mwakweza kwambiri. Kebini imatchinga maso pomwe mutu uli m'mwamba, choncho musanyamuke musanaone bwino kutsogolo, bwato la msodzi ndi lalifupi kwambiri pamadzi ndipo ana osambira amangooneka kamutu. Katundu wolemera akhale pakati ndi pansi. Anthu amakonda kuthawira mu kebini onse kukayamba kuwaza madzi, mutu umalemera n'kumabaya mafunde, auzeni ena akhale kumbuyo kwa woyendetsa, ndipo pamwamba pa kebini pasakhale munthu boti likuyenda.

Mphepo ndiye mwini nyanja. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa, umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti pena mpaka Seputembala, ndipo poti nyanja yagona motalika kuchokera kum'mwera kupita kumpoto makilomita oposa 500, mafunde amakhala ndi mtunda wautali wokulira, umatha kuwomba masiku angapo osapuma. Mafunde a pano si ngati a nyanja ya mchere otalikirana aja, ndi afupiafupi oimirira, lina likukumenyani linzake lafika kale. Sitima yonse ya Vipya inamira mu Julaye 1946 pafupi ndi Chitimba ndi anthu 145, nde kaboti ka mamita 5 musakayese nako mwera. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto ndi mvula ya mabingu yomwe imadzuka mwadzidzidzi masana, kumwamba kukada mbali imodzi ndipo kamphepo kozizira kakakufikani, pindani zingwe muzipita, ndipo ndodo za kaboni muzigoneke pansi chifukwa cha mphenzi. Mverani chenjezo la a zanyengo pa wailesi, koma koposa apo yang'anani asodzi, mukaona maboti onse akokeredwa kumtunda m'mawa anthu akungosoka maukonde, inunso khalani. Ine nthawi ya mwera ndimatuluka mbandakucha n'kubwerera isanakwane 10 koloko, ndipo popita ndimalowera komwe mphepo ikuchokera kuti injini ikavuta mphepo indikankhire kwathu osati pakati pa nyanja.

Zikakupezani muli kale pamadzi musathamange. Aliyense avale jaketi akhale pansi, tsekani chitseko ndi kawindo ka pamwamba pa kebini. Mafunde ochokera kutsogolo musawalunjike ndendende komanso musawapatse nthiti, adutseni mopendekera pang'ono, injini ili mkati kuti mutu udule madzi, onjezani mafuta pokwera funde, bwezani mukafika pamwamba kuti boti litsike mofatsa osati kugwa phuu, dzanja limodzi lisachoke pa mafuta. Ngati komwe mukupita kukupangitsa kuti mafunde azimenya m'mbali, yendani mokhotakhota olo ulendo utalike. Ochokera kumbuyo ndi omwe amapusitsa anthu chifukwa boti limamveka ngati likuyenda bwino, koma mukapitirira funde n'kutsetsereka kutsogolo kwake mutu umakabaya funde linalo, kumbuyo kumanyamulidwa, boti limapotoloka n'kugona cham'mbali, ndi momwe ambiri amagubuduzikira. Kwezani tirimu pang'ono, anthu asunthire chakumbuyo pang'ono, khalani pa msana pa funde muziyenda liwiro lake, likakusiyani lisiyeni mudikire linzake. Pofuna kutembenuka werengani mafunde kaye, pamabwera akuluakulu angapo kenako pamakhala kampata, tembenukirani pa kampata pamenepo mwachangu. Ndipo palibe lamulo loti mubwerere pomwe munanyamukira, bisalani kuseli kwa chilumba kapena kocheza pa gombe lililonse lotetezeka, galimoto mudzaitenga mawa.

Maukonde a asodzi muwalemekeze. Matchera amatchedwa motalika ndipo chizindikiro chake pena ndi kabotolo ka pulasitiki kapena kachidutswa ka fomu basi, mukaona kamodzi funani kanzake muone mzere wake muzungulire. Mukakodwa zimitsani injini, itukuleni, masulani ndi manja, kudula ukonde wa munthu ndi kumudulira chakudya cha ana ake, ndipo ngati mwadula kamufuneni mulipire. Mukatero yang'anani kuseli kwa pulopela, twaini ikakulungika pamenepo imadya silo (kalabala kotchinga madzi), madzi n'kulowa mu giya bokosi. Usiku magetsi omwe mumawaona mbuu panyanja ngati tauni aja ndi a usipa, pamakhala maboti ndi mabwato ozungulira ndi ukonde pakati, apatseni mtunda. Inuyo usiku yatsani magetsi anu, lofiira kumanzere, lobiriwira kumanja, loyera kumbuyo, koma musaganize kuti aliyense ali nawo. Mukakumana ndi boti lina maso ndi maso aliyense akhotere kudzanja lake lamanja, ndipo Ilala kapena sitima ina iliyonse yaikulu ipatseni njira kutali, singakhote chifukwa cha inu. Pa mathiriro a mitsinje monga Linthipe, Bua ndi potulukira Shire pali mvuu ndi ng'ona, chepetsani liwiro, musadutse pakati pa mvuu ndi madzi akuya ndipo musatsukire nsomba manja ali m'madzi.

Pokocheza pa doko bwerani molimbana ndi mphepo, pang'onopang'ono, kulowetsa giya n'kuchotsa, kulowetsa n'kuchotsa, liwiro lake likhale lomwe mungalole kugunda nalo. Wina asatchinge boti ndi mwendo kapena dzanja. Pa mchenga ngati kuli mafunde musalowe ndi mutu n'kusiya matako kunyanja, mafunde adzadzaza boti kudzera kumbuyo, ponyani nangula mukadali panja, mutu uyang'ane kunyanja, tukulani injini muzimasula chingwe pang'onopang'ono boti lizibwerera chambuyo, kenako chingwe china mukamange kumtunda. Nangula amamangidwa kumutu nthawi zonse osati kumbuyo. Ikani tcheni cha mamita 4 kapena 5 pakati pa nangula ndi chingwe, ndipo chingwe chikhale chotalika kasanu kuyerekeza ndi kuya kwa madzi, pa mamita 10 mumasule 50, kukakhala mphepo onjezani. Pa miyala nangula wodula amakanirira, ndimagwiritsa wa zitsulo zopindika wowotcherera kwa amisiri a m'tauni, ukamukoka ndi mphamvu mano ake amawongoka n'kutuluka.

Tifike pa nsomba. Malo owedzera pa boti la kebini ndi kumbuyo kokha ndipo ndi ochepa, nde anthu atatu ndi okwanira, zonse zosafunika zilowe mu kebini pansi pakhale poyera poti mbedza ndi mapazi sizigwirizana. Ikani zoikamo ndodo zinayi, ziwiri m'makona a kumbuyo zoyang'ana kunja kuti zingwe zitalikirane, ziwiri zoimirira kuseli kwa kebini zosungira, mapaipi a pulasitiki a madzi aja amagwira ntchito bwinobwino mukawamanga ndi mabawuti osachita dzimbiri. Kula bokosi yosungiramo nsomba ikhale pakati izikhalanso mpando, ayezi wambiri chifukwa dzuwa la Okutobala nsomba imawonongeka msanga. Ngati thumba likulola gulani kamakina koonera pansi pa madzi kokhala ndi GPS, kamaso kake mumange pa thabwa la kumbuyo mbali ya kumanja, kotalikirana ndi pulopela, pomwe madzi amadutsa opanda thovu. Ntchito yake yaikulu si kukuonetsani nsomba ayi koma kukuonetsani pomwe mchenga wathera miyala n'kuyamba, pomwe pansi patsetsereka mwadzidzidzi, ndi kusunga malowo kuti mudzabwererepo. Simukufunika kodula koona mamita mazanamazana, pansi pa mamita 200 ndi kanthu nyanjayi ilibe mpweya ndipo kulibe nsomba. Batire likhale m'bokosi lomangidwa, ndipo ngati injini ndi ya sitata ikani lachiwiri la magetsi ndi kamakinaka.

Ncheni ndi yomwe imasangalatsa pa boti lotere. Imasaka usipa pa madzi oyera, nde mumaikoka nyambo boti likuyenda pang'onopang'ono ngati munthu woyenda mofulumira, apa ndi pomwe kainjini kakang'ono kaja kamagwiranso ntchito chifukwa tu sitiroko yaikulu ikayenda motsika nthawi yaitali ma pulagi amada. Nyambo zake ndi timasipuni tonyezimira kapena tinsomba ta Rapala tating'ono tofanana ndi usipa, twaini ya mamilimita 0.30 kapena 0.35, kumapeto kachidutswa kokhuthala chifukwa ili ndi mano. Chingwe chimodzi chikhale mamita 30 kumbuyo china 50 kuti pokhota zisakolane, ndipo khotani motambalala. Ina ikhale yosaya ina muyiike mtovu itsike mpaka mudziwe pomwe zili tsiku limenelo, dzuwa likakwera zimatsika. Yang'anani mbalame, pomwe zikudumphira m'madzi pali usipa ndipo pansi pake pali ncheni. Ikaluma musazimitse injini, chotsani giya mnzanu apinde chingwe chinacho.

Kampango ndi wa pansi, wa pa miyala ndi m'mphepete mwa potsetsereka, amadya kwambiri madzulo ndi usiku mpaka mbandakucha. Ponyani nangula chakomwe mphepo ikuchokera kuti boti likaime pamwamba pa malowo, twaini ya 0.50 kapena 0.60, mbedza ya 4/0 mpaka 6/0, mtovu pansi mbedza chapamwamba pang'ono kuti isakole miyala, nyambo usipa wauwisi watsiku lomwelo kapena chidutswa cha utaka, muziugula m'mawa kwa asodzi pagombe. Akaluma musafulumire, amayamba ndi kugwedeza, dikirani ndodo iwerame kenako kokani ndipo mumuchotse pa miyala msanga asanalowe kuphanga. Pomukweza gwiritsani kaukonde ka chogwirira, samalani minga ya m'mbali ndi ya pamsana. Bombe naye amagwidwa chimodzimodzi. Chambo musachiyembekezere kwambiri pa mbedza, chakudya chake ndi tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi. Kampango wachepa kwambiri poyerekeza ndi momwe makolo athu amamupezera, ndipo ndi nsomba yomwe bambo ndi mayi amalera ana awo pachisa, mukachotsa kholo ana onse amadyedwa, nde ine ang'onoang'ono ndi a mimba ya mazira ndimabweza, ndimatenga awiri atatu a ndiwo basi. Mpasa mukaipeza pafupi ndi mathiriro nthawi yomwe ikukwera mitsinje kukaswa ibwezeni.

Dziwaninso malire a paki. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo madzi a mamita 100 kuchokera pa gombe la paki ndi zilumba zake saloledwa kuwedzamo, Domwe, Thumbi, Mumbo, Boadzulu ndi zilumba za Maleri zonse zili momwemo, mbuna zokongola za pa miyala zija ndi zomwe zikutetezedwa. Ku Mbenji nako kuli malamulo a mfumu Makanjira otseka chilumba nthawi ya dzinja, funsani kaye musanapite.

Mukabwerera kumtunda tsegulani kabowo ka kumbuyo madzi atuluke, tsukani magazi ndi mamba zisanaume, siyani chitseko cha kebini chotsegula pang'ono kuti musachite nkhungu. Pa injini ya kabureta ngati ikhala milungu osayenda, chotsani paipi ya mafuta injini ikulira m'madzi mpaka izime yokha kuti mu kabureta musatsale petulo. Musailize pouma olo kwa kanthawi kochepa, impela ndi ya labala imapsa nthawi yomweyo. Oyilo wa giya bokosi muzimuona pafupipafupi, akatuluka woyera ngati mkaka madzi akulowa, sinthani ma silo musanapitenso panyanja, ndipo impela muziisintha chaka chilichonse mwera usanayambe olo ikuoneka yabwino, yakaleyo muisunge mu kebini pamodzi ndi ma pulagi.